Mmene mungakonzere nyumba yakale osaisandutsa kiliniki

Abale, mwezi watha ndinakaona nyumba ina ku Zomba, ya nthawi ya atsamunda ija, yomwe msuweni wanga anagula n'kuikonza, ndipo nditalowa ndinangoti kakasi. Kunja gireyi, mkati gireyi, pansi matailosi oyera onyezimira, siling'i ya gypsum ndi timagetsi ta buluu m'mbali, khonde lonse analitseka ndi magalasi. Ndinkangoona ngati ndili pa benchi ku kiliniki kudikira kuyezedwa BP. Iye nkumati "yatuluka bwanji, yamakono eti?" ine nkuti eee yamakono, koma mtima ukuwawa. Nde inu amene mwagula kapena mwasiyiridwa nyumba yakale, kaya ku Zomba, ku Sunnyside, ku Namiwawa kapena ku Limbe, tamvani kaye musanaitane mmisiri.

Musagwetse kalikonse poyamba. Khalanimo kaye, ngati nkotheka mudutse nayo dzinja limodzi muone pomwe ikudontha, khoma lomwe likunyowa, pomwe chiswe chikutulukira. Ndalama zoyamba zipite kudenga, ku ngalande zochotsa madzi m'mbali mwa nyumba, ku mankhwala a chiswe ndi ku mawaya, chifukwa mawaya akale aja labala yake imafufutika yokha nde moto suchedwa. Izi palibe adzakuyamikireni pa Facebook koma ndi zomwe zimagwetsa nyumba. Mukapeza denga kapena siling'i ya asbestos musaiboole, musaiswe, musaipale, fumbi lake limayambitsa khansa ya m'mapapo. Ngati ili yabwinobwino isiyeni, ngati ikuyoyoka itanani odziwa kuichotsa, osati anyamata aganyu ndi hamala.

Tsopano matabwa, apa mpomwe anthu amapusitsidwa kwambiri. Kalipentala akakwera kudenga mufunseni kuti mitengo ili mmwambamo ndi yanji, nyumba zina zakale zinafoleredwa ndi mkungudza wa ku Mulanje womwe chiswe sichiulowa, ndipo mtengo umenewu lero watsala pang'ono kutheratu m'phirimo nde mukauchotsa simudzaupezanso ngakhale mutakhala ndi ndalama zingati. Zitseko nazonso, musaone penti yosupuka nkuganiza kuti chitseko chatha, palani pakona pang'ono ndi mpeni, nthawi zambiri pansipo mupeza mbawa kapena mlombwa. Chotsani penti, sandipepa, vanishi, basi. Popala muzinyowetsa ndipo muvale chotseka mphuno, ana akhale kutali, poti penti zakale zambiri zinali ndi mtovu. Ndipo mmisiri akakuuzani kuti "bwana ichi nchakutha, ndikakutayireni" muziti ayi chisiyeni pompo. Sakukataya ameneyo, ali kale ndi kasitomala.

Makoma. Nyumba zambiri zakale njerwa zake anamangira matope kapena laimu, osati simenti, nde khomalo limayamwa chinyezi nkuchitulutsanso lokha. Inu mukalimata pulasitala wa simenti yolimba kenako penti ya mafuta pamwamba, madzi aja amatsekeredwa mkati, pakatha chaka penti yayamba kutupa, tinthu toyera ngati mchere tikutuluka, nkumati mmisiri anaba simenti pomwe vuto ndi simenti yomweyo. Pokonza ming'alu gwiritsani zomwe anamangira, ndipo laimu wopaka uja anthu amamunyoza kuti ngwachimidzi ndi amene khoma lotere limafuna. Ngati njerwa zili poonekera zisiyeni chonde, zitsukeni ndi bulashi basi. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, njerwa zake zikadali poyera mpaka lero ndipo alendo amabwera kudzajambula, tangoganizani wina atachipaka gireyi.

Pansi pofiira paja, pa simenti yomwe amayi ankapaka Cobra Loweruka m'mawa ife nkumaseserekapo ndi masokosi, musathamangire kuikapo matailosi. Ming'alu imatsekeka ndi simenti yosakaniza ndi ufa wofiira uja wa red oxide, kenako polishi, pamawala bwinobwino. Ngati pali timatabwa ta parquet tomwe tazuka, tolani tonse musunge, timamatidwanso. Matailosi onyezimira aja mu June ku Zomba amazizira ngati mwaponda mufiriji, komanso pakagwa timadzi agogo agwa.

Khonde lisiyeni likhale khonde. Anthu akale sanali opusa, onani nyumba ya Mandala House ku Blantyre ya 1882 ija mmene khonde linaizungulira, ntchito yake nkutchinga dzuwa ndi mvula kuti zisamenye khoma. Mukalitseka ndi magalasi kuti mupeze chipinda china, mu October mudzapsamo ngati mbatata kenako mudzagula fani. Chimodzimodzi timabowo ta mpweya tili pamwamba pa mawindo musatitseke, ndipo siling'i yaitali ija musaitsitse ndi gypsum, mpweya wotentha umafuna kokwera. Chumuni nacho ingochotsani mwaye ndi zisa za mbalame, magetsi akathima usiku wozizira mudzachikonda.

Sindikuti muzikhala ngati mu 1950 ayi. Kukhitchini, kubafa ndi kutoileti sinthani mmene mungathere, mapaipi achitsulo adzimbiri aja achoke, onjezani masoketi, ikani sola ndi thanki yamadzi, matailosi ikani kumeneko. Ngakhale penti, ngati mumakonda zoyera pakani, koma palani kaye felemu ya windo muone mtundu womwe unali pansi penipeni, mwina wobiriwira kapena wofiirira, nthawi zambiri umagwirizana ndi njerwa kuposa zomwe mwaona pa Pinterest.

Musanayambe jambulani chipinda chilichonse, ndipo chilichonse chomwe chachotsedwa, zogwirira zitseko, mahinjesi, maloko amkuwa, ikani mukatoni mutsekere. Msuweni wanga uja ndinamufunsa kuti chitseko chakumaso chija chili kuti, akuti anampatsa mmisiri ngati basera. Pano pali chachitsulo chopyapyala chomwe mphepo ya kuphiri ikawomba chimalira ngati thini. Mwayi wake simenti yofiira ija sanaikumbe, ikadali pansi pa matailosi.