Momwe mungasonkhanitsire mbale za nyimbo, makaseti ndi mabuku a zisudzo osayinidwa ndi eni ake kuno ku Mangochi

Mbale zakale za nyimbo, makaseti oyambirira ndi mabuku a zisudzo zilipo zambiri m'boma lino kuposa momwe anthu amaganizira, kungoti simungazipeze m'sitolo iliyonse ya pa boma. Zili m'masutukesi achitsulo pansi pa mabedi, m'makabati a aphunzitsi opuma ntchito ndiponso m'makatoni oiwalika a eni malo achisangalalo a m'mbali mwa nyanja. Amuna ambiri a kwa Mponda, kwa Jalasi, ku Namwera ndi kwa Makanjira ankapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, mpaka mu 1974 pamene boma linaimitsa maulendowo kwa kanthawi ndege itagwa ku Francistown, ndipo pobwerera kumudzi ena ankanyamula galamafoni pamodzi ndi mbale za makampani monga Gallo ndi Troubadour. Kenaka kunabwera nyengo ya makaseti, ndipo ku Balaka, kumene Paul Banda ndi Alleluya Band ankajambulira nyimbo zawo, si kutali ndi kuno. Munthu wofuna kuyamba ntchitoyi adziwiretu kuti chinthu chosayinidwa chimakhala cha mtengo pokhapokha mwini wake atatha kufotokoza kuti chinasayinidwa liti, chinasayinidwira kuti, ndipo chadutsa m'manja mwa yani.

Choyamba ndi kudziikira malire, chifukwa ndalama sizingakwane kugula chilichonse chakale chimene mwachiona. Ine ndinasankha oimba ndi olemba zisudzo a m'dziko muno okha. Kumbali ya nyimbo ndimafunafuna za Daniel Kachamba, amene anamwalira mu 1987, ndi mng'ono wake Donald, anyamata a ku Chileka amene nyimbo zawo za mtundu wa kwela zinajambulidwa ndi Gerhard Kubik wa ku Austria. Ndimafunanso za Allan Namoko ndi Chimvu River Jazz Band, za Robert Fumulani ndi Likhubula River Dance Band, za Evison Matafale, za Wambali Mkandawire amene anatisiya mu 2021, ndi za Lucius Banda amene anamwalira mu 2024. Kumbali ya mabuku, sewero la Steve Chimombo lotchedwa The Rainmaker, lomwe linatuluka mu 1978, ndi buku la Nine Malawian Plays limene James Gibbs anasonkhanitsa mu 1976, onse anasindikizidwa ndi Popular Publications ku Limbe ndipo amapezekabe m'nyumba za aphunzitsi akale a Chingerezi. Musanyoze timapepala tolengezera masewero a Wakhumbata Ensemble Theatre ya Du Chisiza Jr, amene anamwalira mu 1999, chifukwa timeneti anthu ankataya sewero likatha ndipo lero ndi tosowa kuposa mabuku. Mbale za nyimbo zachiyao ndi zachimang'anja zimene Hugh Tracey anajambula m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 zambiri zili kunja, choncho musayambire pamenepo.

Mukatero yambani kufunsa, ndipo kafunsidwe kake ndi kamene kamatsegula kapena kutseka chitseko. Pitani ndi munthu wodziwika pakhomopo, khalani pansi, perekani moni mokwanira, ndipo ngati Chiyao simuchidziwa mutenge wochidziwa. Musayambe ndi mtengo. Nenani kuti, "Agogo, ndamva kuti malemu anabwera ndi galamafoni kuchokera ku Joni, kodi mbale zake zilipobe kuti ndizione?" Nthawi zambiri amakutulutsirani ndi manja awiri chifukwa papita zaka popanda wina kuzifunsa. Chinthu chimodzi chokha musachite, ndicho kugula katundu wa womwalira kwa mwana mmodzi kapena mdzukulu mobisa, abale ena asakudziwa. Nkhani za chuma chamasiye zimavuta, ndipo mungapezeke mukuitanidwa kubwalo kwa amfumu chifukwa cha mbale ziwiri. Funsani kuti mwini mbumba ndani ndipo mugule iye ali pomwepo. Njira imene yandithandiza kwambiri ndi kulonjeza banjalo kuti nyimbozo ndidzazijambulira pa fulashi kapena pa memori khadi kuti azimvera pa foni, chifukwa ambiri sanazimvenso kuyambira pamene singano ya galamafoni inatha.

Za mitengo ndinene pang'ono. Pamudzi mtengo mumagwirizana nokha, ndipo ndi bwino kulipira moyenera chifukwa mbiri ya munthu wobera okalamba imafika msanga midzi yoyandikana. Kwa ogulitsa a m'tauni nkhani ndi ina. Chigwereni kwacha mu Novembala 2023, ambiri amayang'ana mtengo wa mbale pa intaneti m'madola nkuusintha kukhala makwacha, osaganizira kuti mtengo umenewo ndi wa mbale yosakandika yokhala ndi chikuto chake chonse, pamene yawoyo inagonapo pa chinyezi. Tsegulani pa foni yanu tsamba la Discogs, la pa intaneti limene limaonetsa mbale ndi mitengo yake, lembani nambala yomwe ili pa kapepala ka pakati pa mbale, ndipo muwaonetse kusiyana kwake. Amene ali m'njira ya ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear amatchula mitengo ya alendo akunja, ndiye kumeneko ndimangoona osagula.

Musanalipire, itulutseni mbaleyo m'chikuto, igwireni m'mphepete ndi kuipendeketsa padzuwa. Kukandika kumene chikhadabo sichikumva sikuvuta kwenikweni, koma kumene chikhadabo chikukodwa kudzadumphitsa singano. Iikeni pa tebulo losalala kuti muone ngati inapindika. Pafupi ndi kapepala ka pakati pamakhala manambala ozokotedwa m'mbale momwemo, ndipo ayenera kugwirizana ndi amene ali pa kapepalako. Kaseti muyang'ane ngati tepi yake ilibe nkhungu yoyera, ngati kasiponji ka pansi pa tepi kalipo, ndiponso ngati chikuto ndi chosindikizidwa osati cha fotokope. Makaseti ndi ma CD ambiri ovomerezeka ankakhala ndi kachidindo ka COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, ndipo kakakhalapo ndi umboni wabwino kuti si ogubidwa kuseri kwa msika.

Tsopano tifike pa siginecha, pamene ndikufuna mukhalepo nthawi yaitali chifukwa ndi pamene ndalama zanga zinalowera m'madzi. Panali wogulitsa wina amene ankabwera pa boma ndi chikwama kuchokera ku Blantyre, wolankhula bwino ndi wodziwa mayina a olemba onse, ndipo anandigulitsa buku la sewero lokhala ndi siginecha ya mlembi wake yemwe anali atamwalira kale, pansi pake patalembedwa chaka cha 1979. Bukulo linali lenileni ndithu, la nthawi imeneyo, mapepala ake atafiira ndi ukalamba. Patapita nthawi ndinacheza ndi mphunzitsi wina wopuma ntchito amene anaphunzitsidwa ndi mlembiyo ku koleji, ndipo anatulutsa buku lake limene mlembiyo anamusayinira iye akuona. Titawaika pamodzi pa tebulo kusiyana kwake kunaonekera poyera. Siginecha yeniyeni inali yothamanga, mizere yake yoonda kumapeto kumene cholembera chinanyamuka dzanja likadali pa liwiro. Yanga inali yolembedwa pang'onopang'ono, yonenepa mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, yonjenjemera m'makona, ndipo pamene munthuyo ankaima kuti aonere chitsanzo panali timadontho ta inki. Titaunika ndi tochi ya foni chammbali tinaona mzere wa pensulo pansi pa inkiyo, wofufutidwa koma wosatheratu.

Chimene chinamaliza nkhani chinali inki. Inali ya cholembera cha jelo, ndipo zolembera zimenezi zinayamba kupangidwa ku Japan mu 1984, zaka zisanu pambuyo pa chaka chimene chinalembedwa m'bukumo. Munthu wosayina mu 1979 kuno akanagwiritsa ntchito bolopeni wamba kapena cholembera chothira inki. Pa tsamba lomwelo panali banga la madzi lakale, ndipo inkiyo inadutsa pamwamba pa bangalo osasungunuka ngakhale pang'ono, kusonyeza kuti bangalo linayamba, siginecha inabwera pambuyo. Mkati mwa chikuto munalinso malo opalidwa ndi lumo pamene panali chidindo cha laibulale ya sukulu. Apa ndiwonjezere kuti buku lililonse lokhala ndi chidindo cha sukulu kapena cha National Library Service, kapena malo oonetsa kuti chidindo chinachotsedwa, musaligule ngakhale litatsika mtengo chotani, pokhapokha pali chidindo china chosonyeza kuti laibulaleyo inalitulutsa yokha. Wogulitsa uja sanaonekenso pa boma, ndipo nambala yake inasiya kupezeka.

Kuyambira pamenepo ndimatsata zinthu zingapo ndisanatulutse ndalama. Ndimayerekeza chaka chimene chinthucho chinatuluka ndi chaka chimene mwini siginecha anamwalira. Matafale anamwalira mu Novembala 2001 atatulutsa Kuimba 1 ndi Kuimba 2, choncho wina akakuonetsani chimbale cha gulu lake la Black Missionaries cha pambuyo pake chokhala ndi dzina lake lolembedwa pamanja, dziwani kuti si dzanja lake. Chimodzimodzinso CD yokhala ndi siginecha ya Daniel Kachamba ndi yokayikitsa kwambiri, poti anamwalira ma CD asanafale kuno. Ndimafunanso siginecha ina yotsimikizika yoyerekezera, ndipo malo abwino oipezera ndi kwa anzake a woimbayo, ophunzira ake kapena abale ake, osati zithunzi za pa Facebook zimene wachinyengo nayenso amaonera. Masiginecha awiri a munthu mmodzi safanana ndendende, ndiye mukaona awiri olingana mzere ndi mzere, imodzi inakopedwa pa inzake. Ndimakhulupirira kwambiri buku kapena chikuto cholembedwa uthenga wopita kwa munthu wotchulidwa dzina, ndi malo ndi tsiku, kuposa chongokhala ndi dzina lokha, chifukwa wachinyengo amaopa kulemba mawu ambiri ndipo munthu wotchulidwayo kapena banja lake mukhoza kuwafunsa. Pomaliza ndimafunsa wogulitsa kuti anachipeza bwanji, ndimalemba yankho lake pa pepala, ndipo ndimamupempha asayine ndi kuikapo nambala ya chiphaso chake. Wokhulupirika savuta. Amene wayamba kukuuzani kuti pali mzungu wina akuchifuna mawa lomwe, musiyeni akamugulitse mzunguyo.

Njira yotsika mtengo ndiponso yosakayikitsa ndiyo kusayinitsa nokha. Oimba ndi azisudzo amabwera kawirikawiri m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, ndipo chikondwerero cha Lake of Stars chachitikapo kangapo ku Nkopola. Nyamulani chimbale chenicheni, osati chogubidwa, chifukwa palibe chochititsa manyazi ngati kupereka kwa woimba katundu amene anamubera. Fikani masana pamene akuyesa zida, osati usiku atatsika papulatifomu ali thukuta lokhalokha, ndipo pemphani kudzera kwa woyang'anira gululo. Pa chikuto chonyezimira gwiritsani ntchito maka yosafufutika ndipo dikirani iume musanachibwezere m'pulasitiki. M'buku asayine ndi bolopeni pa tsamba la mutu, alembe tsiku ndi malo. Muwapemphe chilolezo chowajambula chithunzi akusayina, chinthucho chikuoneka bwino, ndipo chithunzicho muchitsukitse chifukwa foni imatayika.

Kutsuka mbale sikovuta. Gwiritsani ntchito madzi a batire osasakaniza ndi asidi, amene amagulitsidwa m'masitolo a zipangizo za galimoto, dontho limodzi la sopo wamadzi wotsukira ziwiya, ndi kansalu kofewa, mukupukuta motsatira mizere mozungulira, osanyowetsa kapepala ka pakati. Madzi a pamjigo amasiya mchere. Mbale zolemera zoyenda pa liwiro la 78 (zozungulira ka 78 pa mphindi) zinapangidwa ndi utomoni wouma wotchedwa shelaki, zimasweka ngati mbale yadothi, ndipo sipiriti amazisungunula, choncho asayandikire. Zimafunanso singano yakeyake, yosiyana ndi ya mbale za 33 ndi 45. Pamene pali siginecha musapukutepo ndi chilichonse.

Posunga, mdani wamkulu kuno ndi kutentha kwa Okutobala ndi Novembala. Mbale ziime chilili, zisagonerane, zikhale m'chipinda chokhala ndi siling'i kutali ndi zenera, ndipo musazisiye m'galimoto kapena pa mpando wa kutsogolo wa minibasi ngakhale kwa ola limodzi. Mabuku akhale pa shelefu yotalikirana ndi pansi ndi khoma chifukwa cha chiswe, ndipo muziwatsegula mwezi uliwonse kuona mphemvu. M'nyengo ya mvula ikani m'bokosi timapaketi toyamwa chinyezi timene timabwera m'makatoni a nsapato. Tsamba losayinidwa musalimate ndi selotepi ndipo musalipititse ku lamineshoni, ngakhale a pa fotokope atakuuzani kuti likhalitsa, chifukwa pulasitikiyo sichokanso ndipo ogula odziwa salifuna.

Gulani kope lachikuto cholimba lolembamo chinthu chilichonse, nambala yake, tsiku, mudzi, mtengo ndi nkhani yake, ndipo mapepala a ogulitsa aja muwasunge m'fayilo imodzi. Nyimbo zimene mwajambulira banja lija ndi zomvera pakhomo basi, chifukwa kukhala ndi mbale sikukupatsani umwini wa nyimbozo, ndipo lamulo la Copyright la 2016 limaletsa kuzigulitsa popanda chilolezo. Mukapeza chinthu chimene mukuona kuti mwina palibenso china chotere, dziwitsani a National Archives ku Zomba kapena a Lake Malawi Museum pa boma pompano kuti achione ndi kuchilemba m'kaundula wawo.