Kasankhidwe ndi kaikidwe ka bolodi m'fulemu ya cikwangwani ca sitolo

Ŵelengani malangizo awa musanadule ciliconse, cifukwa bolodi ikafupika palibe coonjezela.

Yambani ndi kuona pamene cikwangwani cidzakhala. Kodi ndi mkati kapena panja? Kodi dzuŵa lidzaciomba tsiku lonse? Kodi mudzaika magetsi kumbuyo kwake? Mayankho ake ndiwo akuuzeni bolodi yogula.

Ngati cikwangwani ndi ca panja ndipo cilibe magetsi mkati, tengani ACP, imene ena amaichula ndi maina a Dibond kapena Alucobond. Imapangidwa ndi aluminiyamu wopyapyala uku ndi uku, pakati pali pulasitiki. Ya 3 mm imakwanila pa zikwangwani zambili, siicita dzimbili ndipo imakhala yosalala. Malata opaka kale utoto, monga Chromadek, nawonso amalimba, koma aduleni ndi sizasi ya malata. Gulayinda imaocha utoto m'mphepete, ndipo tuzidutswa twa citsulo totsalila pamwamba tumasiya madontho a dzimbili mvula ikagwa.

Cikwangwani cowala usiku cifunika bolodi yopyoza kuwala. Pulasitiki ya acrylic, imene ambili amati Perspex, yoyela ngati mkaka ndiyo imamwaza kuwala bwino. 3 mm pa cacing'ono, 5 mm pa cacikulu. Pamene pali ngozi ya miyala kapena kugundidwa, seŵenzetsani pulasitiki yolimba kwambili yochedwa polycarbonate. Siisweka wamba, koma imakandika msanga, ndipo nthawi zambili mbali imodzi cabe ndiyo yotetezedwa ku dzuŵa. Mbali imeneyo imalembedwa pa pulasitiki yokutila imene imabwela ndi bolodi yatsopano. Iyang'ane kunja. Mukaitembenuza, bolodi idzasanduka yacikasu.

Bolodi ya PVC yopepuka, monga Forex, ndi ya mkati. Pa dzuŵa imapindika, makamaka ikakhala ya mtundu wakuda. Correx, bolodi ya pulasitiki yokhala ndi timphako mkati, ndi ya zilengezo za kanthawi cabe. M'fulemu yofunika kukhala zaka musaiikemo.

Tsopano nkhani imene imaononga zikwangwani zambili: bolodi imafutukuka kukatentha ndi kubwelela kukazizila. Acrylic imakula pafupifupi 0.07 mm pa mita imodzi pa digili iliyonse. Zioneka zocepa, koma ŵelengelani. Bolodi ya mamita 3, kutentha kukasintha ndi madigili 40 kucokela m'mamaŵa mozizila kufika masana otentha, italika mamilimita opitilila 8. Ngati munaidula yothina m'fulemu, ilibe kopita. Imatupa pakati ngati mimba, ndipo tsiku lina mudzapeza mng'alu woyambila pa sikuluwu. Conco pa acrylic ndi polycarbonate siyani mpata wa 5 mm pa mita iliyonse. ACP imayenda pang'ono, pafupifupi 1 mm pa mita pa kutentha komweko, koma nayonso isathine. Amisili ena amaona mpata ngati kulephela nchito. Apa mpata ndiwo nchito yeniyeni, ndipo mlomo wa fulemu, mbali imene imaphimba mphepete mwa bolodi, umaubisa.

Mlomowo ukhale wakuya mokwanila kugwila bolodi ngakhale itabwelela ndi kuzizila. Pa mabolodi akulu usacepele 20 mm. Kumbukilani kuti mphepo siikankha cabe, imakokanso bolodi kunja.

Pimani mkati mwa msewu wa fulemu, mmene bolodi imaloŵa, malo atatu m'litali ndi atatu m'lifupi, mutenge muyeso wocepa, ndiyeno mucotsepo mpata uja. Pimaninso kucokela pa kona kufika pa kona ina mopingasa, mbali zonse ziŵili. Miyeso ikasiyana, fulemu ndi yokhota; iwongoleni musanakhudze bolodi.

Dulani bolodi pulasitiki yokutila ikali pomwepo, ndi sowo ya mano ang'onoang'ono, bolodi itagona pa thebulo losagwedela. Mukamaliza salazani m'mphepete ndi sandipepa. Kobenthuka kakang'ono pa acrylic ndiko kamayambitsa mng'alu.

Ngati n'kotheka musaboole acrylic konse. Ilekeni ikhale momasuka m'msewu wa fulemu. Bolodi yaikulu ipacikeni: matani kacidutswa ka acrylic kotalika m'mphepete mwa kumwamba ndi guluu wake wa acrylic, kakoloŵeke pa mlomo wa fulemu, bolodi ilendeŵele. Ikaimilila pansi ndi kulemela kwake konse imayamba kupindika. Pamene kuboola sikungapeweke, ikani thabwa kunsi, boolani pang'onopang'ono, ndipo bowo likule kuposa sikuluwu ndi mamilimita atatu kapena kuposapo, kutali ndi mphepete. Seŵenzetsani masikuluwu a mutu wosaloŵa m'bolodi, ndi mawashala a labala. Mangani mpaka igwile, ndiyeno bwezani pang'ono.

ACP ndi malata zifunika mipilingidzo kumbuyo kuti zisagwedezeke ndi mphepo. Gwilitsani ndi malivete kapena masikuluwu osacita dzimbili. Fulemu ikakhala ya citsulo, ipakeni utoto kapena ikani tepi pakati, cifukwa aluminiyamu yokhudzana ndi citsulo ca mtundu wina pamalo onyoŵa imadyeka. Mukalumikiza mabolodi aŵili a ACP, mivi yosindikizidwa pa pulasitiki yokutila iloze kumodzi. Apo ayi, dzuŵa likaomba adzaoneka ngati a mitundu yosiyana.

Boolani tumaenje pansi pa fulemu kuti madzi azituluka. Musamate mozungulila monse ndi silikoni, mungatsekele madzi mkati. Pa cikwangwani ca magetsi, zimitsani magetsi musanatsegule, ndipo mawaya alumikizidwe ndi munthu wodziŵa za magetsi. Pokweza bolodi yaikulu khalani aŵili, ndipo kukakhala cimphepo dikilani.

Sendani pulasitiki yokutila m'mphepete cabe poloŵetsa bolodi, yotsalayo muicotse tsiku lomwelo mukamaliza kumanga. Pulasitiki yokutila ikakhalitsa pa dzuŵa imakakamila ndipo imasiya ulimbo wovuta kucotsa. Potsuka seŵenzetsani madzi ofunda, sopo wocepa ndi nsalu yofeŵa. Thina, petulo ndi sipiliti zisakhudze acrylic kapena polycarbonate: zimasiya timing'alu tambilimbili tosacotseka.