Momwe dziko lingapezere thandizo polimbana ndi fodya

Dziko lomwe likukwera kumene, likafuna thandizo lakunja polimbana ndi kusuta fodya, liyambe ndi kuvomereza pangano la maiko lolimbana ndi fodya lotchedwa FCTC, la bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2005. Likatero, unduna wa zaumoyo ulembere ofesi yoyendetsa panganoli ku Geneva, kupempha akatswiri kuti adzaunike zomwe zikusoweka, monga malamulo oletsa kusuta pagulu, msonkho wokwera wa fodya ndi zithunzi zochenjeza pa mapaketi a ndudu. Lipoti la akatswiriwo lingathandize popempha ndalama ku mabungwe monga Bloomberg Philanthropies.

Koma ndalama za makampani a fodya, ngakhale zitabwera m'dzina la chitukuko, zikanidwe ndithu, pakuti ndime 5.3 ya panganoli imalamula maboma kuteteza mfundo za zaumoyo kuti makampaniwa asazilowerere.