Kutsatsa malonda ku Japan kudzera mwa anthu otchuka pa masamba a mchezo

Kampani yakunja imene ikufuna kugulitsa katundu ku Japan iyenera kuyamba yadzifunsa kuti ndani adzaulankhulire katunduyo kwa ogula, chifukwa anthu akumeneko sathamangira chinthu chimene sanamve mbiri yake kwa munthu amene amamukhulupirira. Ambiri amayamba awerenga ndemanga za anzawo, pa @cosme ngati ndi zodzoladzola kapena pa Kakaku.com ngati ndi zipangizo zamagetsi, kenako n'kuona zimene wanena munthu amene amamutsatira pa intaneti. Choncho ntchito yanu yaikulu ndi kubwereka chikhulupiriro chimene munthu wotchukayo wachimanga kwa zaka zambiri, ndi kuchibweza chili bwinobwino.

Yambani ndi kusankha tsamba loyenera, ndipo musatengere zimene munazolowera kwanu. Ku Japan Facebook ilibe mphamvu kwenikweni, ndipo amaigwiritsa ntchito makamaka achikulire ndi anthu a zamalonda. LINE, pulogalamu yotumizirana mauthenga, ndiyo ili m'foni ya pafupifupi aliyense, popeza ili ndi anthu oposa 90 miliyoni m'dzikomo, koma imathandiza kwambiri posunga makasitomala amene mwawapeza kale, powatumizira uthenga ndi makuponi ochotsera mtengo. X, imene kale inkatchedwa Twitter, ndi yamphamvu zedi, ndipo ambiri amalembapo pogwiritsa ntchito mayina ongopeka, motero amalankhula mosabisa mawu, kaya poyamikira kaya podzudzula. Instagram ndi ya zovala, zakudya, zodzola ndi maulendo. YouTube ndi ya katundu wofunika kumufotokoza mofatsa, pomwe TikTok ndi ya achinyamata.

Posankha munthu, chiwerengero cha omutsatira chisakuchititseni khungu. Mayina akuluakulu ngati Hikakin, wotchuka pa YouTube, amadziwika m'dziko lonse, koma mtengo wawo si wa kampani imene ikungoyamba kumene. Ine ndimaona kuti n'kwanzeru kupeza anthu angapo amene ali ndi otsatira ochepa koma amalankhula za chinthu chimodzi chokha, mwachitsanzo khofi, kulera ana kapena kukagona m'matenti kumapiri, chifukwa owatsatira amawafunsa mafunso enieni ndipo iwo amayankha. Pezani munthu wodziwa Chijapani kuti awerenge ndemanga za pansi pa zolemba zawo kwa miyezi ingapo yapitayo, aone ngati ndi anthu enieni, ndiponso ngati munthuyo sanayambitsepo mkwiyo wa pa intaneti umene Ajapani amautcha enjo. Mkwiyo wotere ukabuka, kampani imene inamulemba ntchito imapsera limodzi. Musanyozenso ma VTuber, amene amaoneka ngati zidole zojambula koma kumbuyo kwake kuli munthu wolankhula. Chiyambire pamene Kizuna AI anatulukira mu 2016, magulu monga Hololive ndi Nijisanji akhala ndi otsatira okhulupirika amene amagula ndithu zimene zatsatsidwa.

Anthu otchuka ambiri sachita okha mgwirizano, koma amadzera ku makampani owayang'anira, otchedwa jimusho, monga UUUM imene inakhazikitsidwa mu 2013. Kulumpha kampani yotereyi n'kukalembera munthuyo uthenga wachindunji m'Chingerezi nthawi zambiri kumathera m'kusayankhidwa. Lembani kalata ya m'Chijapani chaulemu, yofotokoza kuti ndinu ndani, katundu wanu amapangidwa kuti, akugulitsidwa kale pati ku Japan, mukufuna chiyani ndipo mulipira zingati. Yembekezerani mafunso ambiri ndi misonkhano yobwerezabwereza, ndipo musakwiye nayo, popeza iwo akangovomera amasunga tsiku limene analonjeza. Kumbukiraninso kuti nthawi ya ku Tokyo ili patsogolo ndi maola 7 poyerekeza ndi ya ku Lilongwe kapena Lusaka, kotero kuti kalata imene mwaitumiza masana idzawerengedwa mawa lake.

Nkhani imene muyenera kuisamala koposa ndi ya lamulo. Kuyambira pa 1 October 2023, kutsatsa malonda mobisa, kumene Ajapani amakutcha sutema, n'koletsedwa pansi pa lamulo loteteza ogula ku mauthenga osocheretsa, ndipo bungwe la boma la Consumer Affairs Agency ndilo limayang'anira zimenezi. Ngati kampani inatengapo mbali posankha zimene munthuyo alembe, kaya inamulipira ndalama kaya inangomupatsa katundu waulere, cholembacho chiyenera kuonetsa poyera kuti ndi malonda. Chilembo cha PR kapena liwu la Chijapani lotanthauza kutsatsa liikidwe pamwamba pooneka, osati kulikwirira pakati pa mulu wa ma hashtag kumapeto, ndipo mu vidiyo lisangothwanima kamodzi n'kuzimiririka. Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti amene lamuloli limamugwira ndi mwini katundu, osati wotchukayo, ndipo dzina la kampani yolakwa limalengezedwa poyera.

Manyazi a kulengezedwa kotere ndi aakulu kuposa chindapusa. Lamuloli lisanakhazikitsidwe n'komwe, mu December 2019, Walt Disney Japan inapepesa poyera anthu atazindikira kuti akatswiri asanu ndi awiri ojambula manga, nkhani za m'zithunzi za ku Japan, anatulutsa pa Twitter zoyamikira filimu yake pa nthawi imodzi, osanena kuti anachita kulembedwa ntchito. Mu 2024 boma linadzudzula makampani a RIZAP ndi Taisho Pharmaceutical pa chifukwa chimene chingakole aliyense: anatenga zolemba za pa Instagram za anthu amene anagwirizana nawo n'kuziika pa masamba awo a kampani ngati ndemanga wamba za ogula, popanda kusonyeza kuti zinachokera mu mgwirizano. Tanthauzo lake n'lakuti chizindikiro cha malonda chiyenera kuyenda ndi cholembacho kulikonse kumene mwachisamutsira.

Ngati mumagulitsa zodzola kapena zakudya zopatsa thanzi, palinso lamulo la mankhwala lotchedwa Yakkiho, ndipo ili limagwira aliyense wolankhula mokokomeza, kuphatikizapo wotchukayo. Zodzola zili ndi mndandanda wa zinthu 56 zokha zimene zimaloledwa kunenedwa za ntchito yake, ndipo tiyi kapena uchi sunganenedwe kuti umachiza matenda. Mpatseni munthuyo mndandanda wa mawu oletsedwa, ndipo muone cholembacho chisanatuluke.

Kupatula malire amenewa, musiyeni alankhule m'mawu ake. Uthenga womasuliridwa kuchokera ku chinenero china umadziwika msanga, ndipo kudzitama kuti katundu wanu ndi woposa onse kapena kunyoza wa anzanu sikukomera ogula akumeneko. Iwo amafuna tsatanetsatane: khofiyo analimidwa pa phiri liti, amakazingidwa motani, thumba lake limatsekeka bwino kapena ayi. Samalani ndi katundu amene mukutumiza kuti akajambulidwe, chifukwa kamera imayambira pa bokosi. Munthuyo amalitembenuza, amamatula tepi pang'onopang'ono, amatulutsa kapepala ka malangizo n'kukawerenga mokweza, ndipo ngodya yophwanyika kapena Chijapani cholakwika pa kapepalako chidzaonedwa ndi aliyense.

Nthawi yotulutsira uthenga igwirizane ndi kalendala ya kumeneko. Chaka cha sukulu ndi cha ntchito chimayamba mu April, pamene anthu amasamuka ndi kugula zapanyumba. Tchuthi cha Golden Week chimabwera kumapeto kwa April mpaka kumayambiriro kwa May. Mphatso za ochugen zimaperekedwa chapakati pa chaka, ndipo za oseibo mu December. Katundu wopezeka kwa nyengo yochepa chabe amakopa kwambiri, koma onetsetsani kuti alipo kale pa misika ya pa intaneti ngati Rakuten kapena Amazon Japan tsiku limene vidiyo ikutuluka.

Mgwirizano wolembedwa utchule tsiku lotulutsa, kangati mungapemphe kukonza, nthawi imene cholembacho chidzakhale pa tsamba, ndi ngati mukuloledwa kuchigwiritsanso ntchito kwina, popeza jimusho imalipiritsa padera pa chimenechi. Lamulo loteteza anthu odzilemba okha ntchito, limene linayamba pa 1 November 2024, limafuna kuti mfundo za ntchito ziperekedwe molemba ndipo kampani ilipire pasanathe masiku 60 ntchito itaperekedwa. Kuti mudziwe amene wabweretsa ogula, mpatseni aliyense khodi yakeyake yochotsera mtengo, muonenso ngati anthu ayamba kufufuza dzina lanu pa intaneti m'masabata otsatira, ndipo amene wachita bwino mumulembenso ntchito nyengo yotsatira m'malo mofunafuna nkhope yatsopano.