Kupatula maselo oyera a m'magazi pofufuza za HIV

Mu 1995 gulu la Robert Gallo ku America lidapeza kuti maselo a CD8 (mtundu wina wa maselo oyera) amatulutsa mapuloteni otchedwa RANTES, MIP-1α ndi MIP-1β, amene amatchinga HIV kulowa m'maselo. Ntchito yotereyi imayamba ndi kupatula maselo oyera.

Valani magolovesi. Sakanizani magazi ndi PBS (madzi amchere osaononga maselo) mulingo wofanana, kenaka muwatsanulire pamwamba pa Ficoll (madzi olemerera olekanitsira maselo) m'chubu pang'onopang'ono, chubu mutapendeketsa. Ine tsiku loyamba ndidathira mwaphuma, zonse zidasakanikirana, ndidangotaya basi. Zungulitsani mu centrifuge (makina ozungulitsa machubu) pa mphamvu ya 400g kwa mphindi 30, buleki mutazimitsa. Pakati mudzaona kamzere koyera ngati kamtambo, amenewo ndiwo maselo oyera aja. Kakokeni ndi pipette (kachubu kokokera madzi), mutsuke kawiri.

Mukapatulamo a CD8 n'kuwalera, madzi amene akuliramo muwaike pa maselo a CD4 (maselo oyera amene HIV imalowamo) okhala ndi kachilombo, muyeze p24, puloteni ya HIV yosonyeza kuchuluka kwa kachilomboko, kuti muone ngati katchingika.