Musakweche ndalama zakale zasiliva: kaonedwe ndi kasamalidwe kake

M'mabokosi a agogo ambiri muli tiki, sikisipensi ndi sheleni za nthawi ya atsamunda, zina zochokera ku Southern Rhodesia, zina zobwera ndi abambo amene ankagwira ntchito m'migodi ya ku Joni. Wozipeza amafulumira kutenga phulusa, mchenga kapena mandimu kuti ziwale ngati poto watsopano, ndipo ndi dzanja lake lomwe amachotsa gawo lalikulu la mtengo wake.

Yambani ndi kuwerenga chaka, pakuti si ndalama yoyera iliyonse imene ili ndi siliva. Za ku Britain zinali ndi siliva magawo 92.5 pa 100 alionse mpaka 1919, theka lokha kuyambira 1920 mpaka 1946, ndipo kuyambira 1947 zinkapangidwa ndi mkuwa wosakaniza ndi nickel. Za ku South Africa zinali ndi magawo 80 kuyambira 1923 mpaka 1950. Za tsiku ndi tsiku za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland zilibe siliva ayi. Sikelo yaing'ono imathandiza kugwira zachinyengo, chifukwa half crown ya ku Britain, ndalama ya masheleni awiri ndi theka, imalemera pafupifupi magalamu 14.1, koma maginito asakunamizeni popeza sakoka siliva ndiponso sakoka mkuwa wosakanizawo.

Poika ndalama pa mlingo, ogula amayang'ana mmene yaperepesekera. Igwireni m'mphepete ndi zala ziwiri, pamwamba pa nsalu yofewa, muiyang'ane pansi pa nyali imodzi ndi galasi lokuza kasanu kapena kakhumi. Malo otumphuka ndiwo amayamba kutha: tsitsi ndi khutu la mfumu, ndevu, ndi timikanda ta pa chisoti. Ku Britain amagwiritsa ntchito mawu monga Fine, Very Fine, Extremely Fine ndi Uncirculated, kuyambira yoperepeseka mpaka imene sinagwirepo ntchito, pamene ku America amatsata mlingo wa manambala 1 mpaka 70 (70 ndiyo yopanda chilema) umene William Sheldon anayambitsa mu 1949, ndipo ndi umene makampani oyeza ndalama zakale a PCGS ndi NGC amalemba pa timabokosi timene amatsekeramo ndalamazo.

Vuto la kukwecha lagona pa mmene ndalama imapangidwira. Ikamadindidwa mwamphamvu, chitsulo chimayenderera n'kusiya timizere tosaoneka ndi maso, ndipo timizereti ndito timachititsa kuwala kumene kumazungulira mukaipendeketsa. Mankhwala otsukira mano, soda kapena nsalu yokhakhala zimafafaniza timizereti n'kusiya tizipsera topyapyala tolowera mbali imodzi, ndipo palibe mmisiri amene angabwezeretsenso kuwalako. Makampani aja akalandira ndalama yotere amangolemba kuti inatsukidwa, osaipatsa nambala. Mtundu wotuwa, wagolide kapena wakuda umene umabwera pa siliva si litsiro. Umapangika siliva akakumana ndi sulufule wa mumpweya, ndipo ogula ambiri amaukonda chifukwa umachitira umboni kuti ndalamayo sinaseweretsedwe. Kwa ife ozolowera kunyadira ziwiya zonyezimira, mfundo imeneyi imavuta kuilandira.

Kutsuka kololedwa ndi kochepa. Ngati pali dothi, viikani ndalamayo m'madzi osungunulidwa ku nthunzi, amene amathiridwa m'mabatire a galimoto, osati a asidi, muisinthire madzi kangapo, kenako muiike pa nsalu kuti iume yokha popanda kuipukuta. Ngati pali zomata zobiriwira zochokera ku pulasitiki yofewa ya PVC, mankhwala amadzi otchedwa acetone, akakhala enieni, amazisungunula osawononga siliva, koma mugwiritse ntchito m'kapu yagalasi, pamalo opita mphepo, kutali ndi moto, chifukwa amayaka msanga. Mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo musawagwiritse ntchito popeza ambiri amasakanizidwa ndi mafuta onunkhiritsa.

Posunga, ndalama iliyonse ikhale payokha m'kachikwama kopanda PVC, pouma, kutali ndi malabala ndi nsalu zaubweya zimene zimatulutsa sulufule. Imene mukuiganizira kuti ndi yosowa, muijambule mbali zonse ziwiri n'kuonetsa wodziwa ndalama zakale musanaikhudzitse ngakhale madzi.