Momwe mungachitire kuti magemu asasokoneze sukulu ya mwana wanu

Kuno ku Zomba, kaya ndi ku Chinamwali, Matawale kapena Chikanda, ana ena akaweruka amathera kumalo osewerera PlayStation, ena amachezera usiku wonse pa magemu a pa foni monga Free Fire ndi eFootball. Kulanda foni sikuthandiza: mwanayo amangosamukira kwa mnzake, kumene simungamuone.

Yambani mwayeza vutolo. Pa foni ya Android lowani mu Settings, kenako Digital Wellbeing. Muona maola amene gemu iliyonse yadya patsiku. Ziyang'anani limodzi ndi mwanayo kwa sabata yathunthu, osakalipa.

Mukatero gwirizanani nthawi. Masiku a sukulu ola limodzi ndi lokwanira, homuweki itatha ndipo inu mwaiona m'kope ndi maso anu. Loweruka mukhoza kumuonjezera. Pulogalamu ya Google Family Link, mukaiika pa foni yanu ndi yake, imatseka yokha foni ya mwanayo nthawi ikakwana. Muzimuchenjeza kukatsala mphindi 10, chifukwa gemu ya pa intaneti siimitsidwa pakati. Akatuluka mwadzidzidzi amachititsa kuti anzake a timu imodzi agonje, ndipo mikangano yambiri ya pakhomo imayambira pamenepa.

Chimene chimagwetsa mamalikisi kwenikweni ndi kusowa tulo. Wachinyamata wa zaka 13 mpaka 18 amafunika kugona maola 8 mpaka 10. Ngati amadzuka 5 koloko, azikhala atagona pofika 9 koloko usiku, foni ikuchajidwa kuchipinda kwa makolo, osati kunsi kwa pilo. Mwana wosagona amasinza m'kalasi ndipo zimene wawerenga sizikhazikika m'mutu. Wa Fomu 2 kapena Fomu 4, amene akudikira JCE kapena MSCE, lamuloli lisapindidwe ngakhale pang'ono. Agogo, amalume ndi azakhali a pakhomopo alidziwenso, apo ayi mwana azikabwereka foni kwa amene ali wofewa mtima.

Musamupatse PIN ya Airtel Money kapena Mpamba. Ndalama ya kabaza ikamatha msanga, mwina ikuthera kumagemu, choncho funsani aphunzitsi ake ngati akumakhala m'kalasi mpaka nthawi yoweruka.

Mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidaika kumwerekera ndi magemu m'gulu la matenda. Mwana akasiya kudya, kusamba ndi kucheza, n'kumapitirizabe kusewera ngakhale akuona kuti akulephera mayeso, pitani naye kuchipatala mukaonane ndi alangizi a za maganizo.